Mfuti Imene Sinamveke Kumakomboni

Mfuti inalira katatu m'mawa wa Lachiwiri lija, koma kumakomboni kwa matenanti palibe anaimva.

Amene anaimva bwino ndi Sunganani Kachere, popeza anali pomwepo, atanjuta pambali pa bwana wake. Iyeyu anali kapitawo pa esiteti ya fodya ya Kanyimbi, cha ku Chisemphere, kufupi ndi mpanda wa nkhalango ya nyama. Mwini esitetiyo anali a Anderson Mtonga, bambo wa mimba yake ndi mfuti yake. Mwezi wa Okutobala madzi akaphwa m'nkhalango, nyama zinkadutsa mpanda n'kutsikira kudambo la Kavuwa, kumene kunali nazale za fodya. A Mtonga ankazidikirira kumeneko. Ntchito ya Sunganani inali kunyamula mfuti, kuloza, ndi kusenza nyama ikagwa.

Chipolopolo choyamba chinagwetsa mphoyo kumtunda kwa dambo. Chachiwiri chinaphonya. Awiriwo anatsika nalo dambo kunja kukungoyamba kuyera. Pafupi ndi chitsime cha panazale, bango linagwedezeka.

"Apo, bwana," Sunganani ananong'ona ataloza. "Nguluwe."

Mfuti inangoti thapu, ngati wina wathyola nthambi youma. Kenako kunamveka chinthu chimene nguluwe siyenda nacho. Kheni yothirira inagwa n'kumagubuduka, madzi akukhuthuka.

Anathamangirako. M'matopemo munagona Modester, mkazi wa Sunganani, chafufumimba, dzanja limodzi lili m'madzi. Chipolopolo chinalowa kunsi kwa phewa. Sunganani anamutembenuza. Anamuitana dzina lake lenileni, limene anasiya kulitchula kuyambira tsiku limene mwana wawo Thokozile anabadwa. Maso anali otsegula, koma mwini wake munalibe.

A Mtonga sanagwade. Anapotokola kachitsulo kamene kanali kukamwa kwa mfuti, kakadali kotentha, n'kukalowetsa m'thumba la jekete la Sunganani.

"Tamvera, iwe. Aka ukataye m'chimbudzi. Ife kuno sitinafike. Achita izi ndi opha nyama a m'nkhalango, chipolopolo chawo chasokera."

"Bwana, ndi amake Thoko awa."

"Ndikuona, sindine wakhungu. Koma waloza ndani? Ukatsegula pakamwa tikalowa tonse. Thoko wakoyo atsala ndi yani? Nanga malirowa akafika bwanji ku Dedza? Lole ndi yanga. Bokosi ndigula ndine. Ukakhala chete, mkazi wako akagona kwawo, pafupi ndi amake."

Bwanayo anadziwa pomenya. Tenanti akafera pa esiteti wopanda womunyamula, amakaikidwa kumapeto kwa manda a eni dera, kuchigawo cha alendo, kumene kulibe wolambula. Modester ankati akadutsa kumeneko amayang'ana kumbali. Kufa sankakuopa kwenikweni. Ankaopa kugona pakati pa anthu osamudziwa dzina.

Ndiye Sunganani anachita chinthu chimene ngakhale galu sachita. Anamugonekanso mkazi wake monga anamupezera, n'kumusiya. Anazungulira kuseri kwa zigafa zoyanikamo fodya, anakafika pakhomo pake, anakhala pakhonde kudikira kuti wina akamupeze. A Mtonga, umbombo wawo, anabwerera kumtunda ndi galimoto kukatenga mphoyo ija. Nyama sakanaisiyira akhwangwala, ngakhale pa tsiku ngati limeneli.

Thokozile anatuluka m'nyumba atavala yunifomu, buku lili m'manja. Anali mtsikana wa sitandade eyiti, wamtali ngati amake.

"Ababa, mwabwera msanga. Amayi atsikira kunazale. Anakhalitsa apa kumvetsera, kenako anati lero kulibe mfuti, ndipite dzuwa lisanawotche mbande."

Apa m'pamene Sunganani anazindikira chimene chapha mkazi wake.

Mfuti ya a Mtonga inali belu la pa Kanyimbi. Palibe anakhazikitsa lamulolo, linangomera lokha. Amayi othirira nazale ankadzuka m'bandakucha n'kutchera khutu. Ikalira kumtunda kwa dambo, ankadziwa kuti bwana ali pantchito, ndipo ankayamba zapakhomo mpaka dzuwa likwere. Kukakhala zii, ankatenga makheni n'kutsika. Zaka ndi zaka zinkayenda choncho, popanda ngakhale mbuzi kuvulala. Amene anamuphunzitsa Modester zimenezi atangofika kuchokera ku Dedza anali Sunganani yemweyo.

Kachitsulo kaja kanabwera sabata yapitayo, ndipo Lachiwiri lija linali tsiku loyamba kukagwiritsa ntchito. Agemu, olondera nkhalango, anali atayamba kuyendera mpanda pafupipafupi, ndipo mfuti ikalira ankafika nyama isanasendedwe. A Mtonga anaitanitsa mnyamata wina wa geni, Mandla, woyenda panjinga yamoto m'njira zachidule za kumalire. Anakumana m'chigafa chopanda fodya. Mandla anafunyulula chiguduli, munali masailensa awiri, zitsulo zotsekereza kulira kwa mfuti. Ina inali yaitali, yakuda, yolemera ngati mpini wa nkhwangwa. Inayo inali yaifupi, yotuwa.

"Yaikuluyi ndi ya anthu oyenda pagalimoto," anatero Mandla. "Yaing'onoyi ndi ya oyenda pansi. Simudziwa n'komwe kuti mwanyamula kanthu."

A Mtonga anazitembenuzatembenuza, kenako anazikankhira kwa kapitawo wawo. "Wonyamula ndiwe. Sankha."

Sunganani mtima unadumpha. Zaka zonse zimene anagwira pa Kanyimbi, bwana anali asanamufunsepo maganizo, ngakhale pa za manyowa. Anaziyeza m'manja ngati mayi wogula chinangwa pamsika, nkhope ataikwinya kuti aoneke wodziwa. Anakumbukira phewa lake limene linkamuwawa usiku, ndi mtunda wa kuchoka kunyumba ya bwana kukafika kudambo. Anatenga yopepukayo.

"Kumakomboni imveka?" anafunsa.

"Kumveka bwanji, akulu? Ndiye mukugula chiyani?"

Anaseka onse atatu. Sunganani ndiye anaseka kwambiri, popeza funsolo linali lake. Bwana anamulumbiritsa kuti asauze munthu, ngakhale wa m'nyumba mwake, chifukwa pakamwa pa azimayi a pakomboni, iwo anati, ndi wailesi. Ndipo iye sanauze munthu. Anasunga chinsinsi cha bwana bwinobwino, mutu wake osagwira n'komwe kuti wachotsa lilime m'belu.

Tsopano anakhala pakhondepo, chitsulocho chikumutentha m'nthiti, mpaka kudambo kunamveka mfuu. Anali Fainala, mnansi wawo, mnzake wa Modester wa pachitsime. Thokozile anaponya buku pansi n'kuliyatsa liwiro. Bambo ake anamutsatira pambuyo, kukaona zimene anaziona kale.

Apolisi a pa Mtambalala anafika dzuwa litakwera. Anawatsogolera Sajenti Elsie Chirambo, mayi wamfupi, wolankhula motsitsa ngati safuna kudzutsa mwana. A Mtonga anawachingamira atasamba, atavala malaya oyera.

"Ndi anthu a m'nkhalango awa, asajenti. Tatopa nawo. Ndakhala ndikudandaula."

"Alipo amene anamva mfuti?"

Matenanti anayang'anana. Onse anapukusa mitu, ndipo sankanama.

"Mwaona?" anatero a Mtonga. "Inalirira kutali."

Sajenti anayang'ana mpanda, umene unali kuseri kwa chitunda. Anayang'ana bango lowirira. Anauza anzake kuti anyamule thupi, iye n'kuyamba kukwera dambo yekha, maso ali pansi. Kumtunda anapeza magazi pa udzu, ntchentche zitaunjikana. Panali mkwekwe wa chinthu chokokedwa, ndi mapazi a galimoto. Mapaziwo sanaloze kunkhalango. Analoza kunyumba ya malata ofiira ya mwini esiteti.

Atabwerera anapeza amayi atakhala pansi pa mtengo wa mango, akulira. Anakhala nawo pansi, miyendo atatambasula, n'kuyamba ndi Fainala.

"Mayi, mnzanuyu anapitiranji yekha kudambo kusanache?"

"Nthawi yake ndi yomweyo, bwana. Kungoti ine mwana anandichedwetsa. Kunalibe mfuti, ndiye tinati kuli bwino."

"Mfuti yanji?"

Fainala anadzigwira pakamwa. Amayi ena anaweramitsa mitu. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo chisoni chinamulimbitsa mtima.

"Ya bwana Mtonga. Ikalira sititsika. Lero sinalire."

"Imalira kangati?"

"Nyengo ino, pafupifupi m'mawa uliwonse."

Madzulo ake Sajenti Chirambo anakagogoda kunyumba ya malata ofiira. A Mtonga anatulutsa mfutiyo okha, ndi chilolezo chake, akumwetulira. Inali yopukutidwa, ikununkha mafuta. Sajenti anaitembenuza n'kuyendetsa chala kukamwa kwake. Panali mazinga atsopano, onyezimira, ngati a bawuti yongogula kumene.

"Apa pamalowa chiyani, bambo?"

"Inabwera choncho."

"Mfuti yakale, mazinga atsopano."

"Yayi, mayi, musandiphunzitse mfuti yanga. Ine ndikuthandiza maliro pano. Funsani kapitawo wanga ngati ndinatuluka m'mawa."

Mfutiyo Sajenti anailanda, koma munthu sanamumange. Kuyeza mfuti ku Lilongwe kumatenga miyezi, ndipo a Mtonga anali ndi loya ndiponso anzawo a maina. Panafunika chinthu chogwirika m'manja, kapena munthu mmodzi woti atsegule pakamwa.

Sajenti anamupeza Sunganani kuseri kwa nyumba yake, atakhala pa mtondo wogubuduza, akuyang'ana chimbudzi. Anali atalowamo kale kangapo tsiku limenelo. Ankati akatulutsa chitsulocho n'kuchilozetsa padzenje, zala zinkakana. Ankaona ngati akuponyamo Modester yemwe.

"Pepani ndi zovutazi, bambo," anatero Sajenti. "M'mawa munali kuti?"

"Kuzigafa."

"Bwana wanu anatuluka?"

"Sindinawaone."

"Akatuluka ndi mfuti amanyamula ndani?"

"Ndine."

"Ndiye lero mfuti inagona."

"Inagona."

Sajenti anamuyang'ana nthawi yaitali. Thukuta linkatsika m'khosi mwa Sunganani ngati wathiridwa madzi.

"Kunja kukuwotcha chonchi, jekete simuvula?"

"Ndikumva kuzizira."

"Chabwino. Kuzizira kukatha mundipeze."

Akanatha kumusecha pomwepo, ndipo Sunganani ankalakalaka atatero. Koma mayiyo sanafune kugwira m'matumba mwa munthu amene mkazi wake ali kuchipinda chozizira, anthu akuona. Anangonyamuka n'kumapita. Sunganani anadzida. Anadana ndi bwana wake, anadana ndi Mandla, koma chidani chachikulu chinali cha iye mwini, ndipo analibe kochitula.

Lachinayi m'mawa lole ya esiteti inaima kuseri kwa chipatala cha kuboma. A Mtonga anasunga lonjezo. Bokosi linali labwino, la zogwirira zonyezimira, loti Modester ali moyo sakanalota kuti angaligonere. Amayi a pakomboni anakwera kale kumbuyo, akuimba motsitsa. Thokozile anakhala pakati pawo, Fainala atamukumbatira. Sajenti Chirambo analiponso, ataima pamthunzi, popeza dokotala anali atangomuuza kuti chipolopolo sichinachokere kutali.

Kuchokera ku Dedza kunabwera a Moffat, amalume ake a Modester, mwini mbumba. Anali nkhalamba yowonda, ya chipewa chothethekera ndi nsapato za matayala. Bokosi litakwezedwa, dalaivala analiza injini. A Moffat anakweza dzanja.

"Tazimitsani kaye. Kwathu maliro sachoka m'manja mwa mkamwini popanda mawu. Tinakupatsani munthu woyenda yekha, akamwini. Mukutibwezera m'bokosi. Imani apa mutiuze chamudya."

"Madala, njira ndi yaitali," anatero a Mtonga. "Zimenezi mukakamba kumudzi."

"Inu ndi bwana kuesiteti kwanu. Apa mwini wake ndine."

Sunganani anaima kumbuyo kwa lole, mutu wa bokosi uli pafupi ndi nkhope yake. Anayamba monga anamuphunzitsira. Anati m'nkhalango muli anthu oipa. Anati chipolopolo chinasokera. Mawu ankatuluka ouma ngati fodya wa chaka chatha.

"Inuyo munali kuti?"

"Kuzigafa."

"Mwezi uno m'zigafa muli chiyani, poti fodya akadali panazale?"



"Tamverani, akamwini," nkhalamba ija inapitiriza, mosakweza mawu. "Ine ndikafika, azing'ono ake akandifunsa. Ndikanena zimene mundiuze panozi, ndipo ndikazinena kumanda, anthu onse akumva. Mukandinamiza ine palibe kanthu, ndine wopita. Koma mukhala mwamunamizira uyu ali apayu, amene sangathe kudziyankhira. Nenaninso. Gwirani bokosi."

Sunganani anatambasula dzanja. Thabwa linali lofunda ndi dzuwa. Anayang'ana lole, matayala ake, mafuta odzaza thanki, msewu wa ku Dedza uli apo. Kunangotsala mawu ochepa kuti mkazi wake akagone pafupi ndi amake. Anayang'ana a Mtonga, amene ankamugwedezera mutu pang'onopang'ono. Kenako anayang'ana Thokozile, ndipo mtsikanayo anali akumuyang'ana kale.

Dzanja linachoka pabokosi n'kulowa m'jekete.

"Asajenti," anaitana. "Kachitsulo kotsekereza kulira kwa mfuti ya bwana ndi aka. Anawombera ndi bwana. Amene analoza ndine. Anasankha aka ndinenso."

Nyimbo inaduka. Fainala anakuwa. A Mtonga anatembenuka mwachangu kulunjika kugalimoto yawo, koma mimba si bwenzi la liwiro. Wapolisi mnzake wa Sajenti anawagwira lamba asanatsegule chitseko. Unyolo utalira m'manja, bwanayo anatembenukira kwa dalaivala wake, maso atafiira.

"Tsitsa bokosilo! Lole yanga ibwerere kuesiteti!"

Dalaivala anali ndi ana ofunika kudya. Anagwetsa nkhope, anapempha amayi kuti atsike. Amuna anatsitsa bokosi n'kuliika pansi pa mtengo. Lole inatembenuka yopanda kanthu, fumbi lili koboo. Bokosi lokha ndi limene a Mtonga sanathe kulanda, poti munali kale munthu.

Sunganani anapereka manja ake yekha. Anavula jekete lija n'kulisiya pansi.

A Moffat anayesetsa. Anazungulira tauni yonse ya Kasungu ndi nsapato zawo za matayala, kupempha galimoto kwa anthu osawadziwa. Amene anali nazo anatchula mitengo yoti nkhalambayo inangovula chipewa n'kuchivalanso. Dzuwa la Okutobala silidikira zokambirana. Loweruka Modester anaikidwa kumapeto kwa manda a eni dera, kuchigawo cha alendo, kutsidya kwa dambo la Kavuwa. Ananyamulidwa pangolo ya ng'ombe ya mwamuna wa Fainala. Sunganani anali m'chitolokosi, ndipo sanaponyepo ngakhale dothi.

Mandla sanapezeke. Anthu amati njinga yake inaoneka ikuwoloka malire tsiku lomwe a Mtonga anamangidwa.

Mlandu unazengedwa mvula itagwa n'kutha, fodya wa chaka chimenecho atapita kale kumsika. Loya wa a Mtonga analankhula Chingerezi chambiri. Anati inali ngozi. Anati wolakwa ndi kapitawo amene analoza. Koma kachitsulo kaja kanakwana pamazinga a mfuti khothi lonse likuona, ndipo Fainala anaima m'bokosi la mboni n'kufotokoza za kumvetsera kwa m'bandakucha, osaopa munthu. Woweruza anati ngozi imathera pamene munthu wagwa, koma kumusiya m'matope n'kukatenga nyama si ngozi. A Mtonga anawapatsa zaka khumi ndi zinayi. Sunganani, poti anaulula yekha, anamupatsa zinayi.

Akuwatulutsa kupita kugalimoto ya ndende, a Moffat anali panja ndi Thokozile. Mtsikanayo anali atanyamula chikwama cha zovala, popeza ankapita kukakhala ku Dedza. Sukulu anali atasiya. Chimangidwireni bambo ake, sanapiteko kukawaona ngakhale kamodzi. Msilikali wa ndende anawamvera chisoni n'kuima pang'ono.

"Thoko, mwana wanga," anayamba Sunganani.

"Ababa, ndingofunsa chimodzi. Musanaloze, munawaona amayi?"

"Ayi, mwanawe. Ndikulumbira. Sindinawaone."

"Nguluweyo munaiona?"

Sunganani anatsegula pakamwa. Anafuna kunena kuti inde, ndipo palibe akanamutsutsa. Koma bodza linali litamuthera.

"Ayi. Ndinangoona bango likugwedezeka."

"Nanga munaloza chiyani?"

Anadikira yankho, maso ali gwa, osalira. Bambo ake anayang'ana unyolo umene unali m'manja mwawo. Msilikali anawakoka pamkono, ndipo anakwera. Galimoto isananyamuke, Thokozile anali atasenza kale chikwama chake, akutsatira agogo ake kulowera kudepoti.